Bokosi la Shoti Linapita Kuphiri

Tsiku limene basi inapsa m'galaja, dzina lenileni la mnzanga uyu linapsera komweko. Kuyambira pamenepo aliyense ankangomuitana kuti Shoti, dzina lochokera ku shoti ya magetsi imene inaotcha basiyo.

Inu amene mwalefuka chifukwa munalakwitsa chinthu anthu akuona, khalani pansi ndikuuzeni za munthu ameneyu. Ndakhala naye moyandikana nyumba kwa zaka zambiri, ndiye sindikukuuzani zongomva.

Shoti anali wokonza magetsi a galimoto pakampani ina ya mabasi. Tsiku lina fyuzi ya basi inapsa, dalaivala ali pakhosi kuti akuchedwa, yatsopano m'sitolo mulibe. Anachita zimene amisiri ambiri amachita akapanikizika: anadula kachidutswa ka waya n'kumanga pamalo pa fyuzi. Pajatu ntchito ya fyuzi ndi kupsa yokha magetsi akachuluka, kuti zina zonse zipulumuke. Waya alibe chisoni chimenecho. Basi isanafike n'komwe pageti, utsi unayamba kufuka pansi pa chiwongolero. Mwamwayi munalibe anthu okwera ndipo dalaivala anathawamo, koma basiyo inatsala mafupa okhaokha.

Ntchito inatha tsiku lomwelo, ndipo mbiri inathamanga kuposa moto uja. Galaja iliyonse imene ankapita, ankangomva kuti "tikuimbirani". Anthu a mumsewu mwathu wailesi ikawafera ankaidutsitsa pakhomo pake n'kupita nayo kutali. Anasowa mtengo wogwira mpaka anakalowa ganyu yonyamula katundu pamalo ogula zitsulo zakale. Chomvetsa chisoni kwambiri, iye mwini analeka kukhulupirira manja ake. Babu likafa m'nyumba, wokwera pampando anali mkazi wake.

Banjali linali ndi mwana mmodzi wamkazi, amene pakhomo ankamutcha Dona chifukwa ntchito zolemetsa sankagwira. Sunali ulesi ayi. Dona anali ndi mphumu. Chifuwa chikabanika, mankhwala opopera m'kamwa nthawi zina sankakwanira, ndiye ankamuika pa kamakina kamagetsi kamene kamasandutsa mankhwala kukhala nthunzi yoti apume. Kumene kunalibe soketi, Dona sankagonako.

Chaka chake chomaliza kupulayimale, sukulu inakonza ulendo wokagona m'matenti kuphiri. Dona anabwera kunyumba akuwala nkhope. Shoti anapita kukaonana ndi aphunzitsi ake, mayi wina woleza mtima.

"Bambo, mwana wanu timamufuna kwambiri," anatero aphunzitsiwo. "Koma kumene tikupitako kulibe magetsi, chipatala chili kutali. Chifuwa chikamubana, makina akewa tikayatsa ndi chiyani?"

Funso linali loona. Atafika kunyumba anamuuza mwanayo. Dona sanalire. Anangovula nsapato zake n'kunena kuti, "Palibe kanthu adadi, ndinazolowera kutsala."

Shoti amati chipongwe chonse cha mumsewu sichinamupweteke ngati mawu amenewo. Madzulo ake anauza mkazi wake kuti, "Ndimupangira magetsi onyamula, oyendera dzuwa. Apita."

Mayi a Dona anasiya kupinda zovala n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Inu? Bambo a Dona, basi ija kampani inagula ina. Mwanayu ine ndikagula kuti wina?"

Musawaweruze mayiwa. Ndiwo ankathamanga ndi mwana kumsana chifuwa chikavuta. Koma m'mawa mwake Shoti anatulutsa zida zake pansi pa bedi, zitachita fumbi.

Woyamba kumugwira dzanja anali abwana ake a kuzitsulo, mayi wamkamwa koma wamtima wabwino. Atamva nkhaniyo anamutsegulira shedi. "Tenga chimene ukufuna, koma ukandiotchera malo anga ndikugulitsa iweyo pasikelo," anatero. Mmenemo Shoti anapezamo panelo ya sola yopindika pangodya koma galasi lili bwinobwino, bokosi lolimba la zida, ndi matayala a sutikesi yakale.

Ulendo woyamba anagwa nayo. Poti anali munthu wa galimoto, anathamangira batire la galimoto. Bokosi linalemera moti ine nditayesa kulinyamula msana unandikumbutsa zaka zanga. Komanso silinachedwe kufooka. Batire la galimoto linapangidwa kuti lipereke mphamvu yambiri kamodzi, injini ilire, basi. Ukamalikama pang'onopang'ono mpaka pansi, limafa msanga. Shoti anakhala pakhonde atagwira tsaya. Ndinamuuza kuti, "Achimwene, mwina zisiyeni." Anandiyang'ana ngati ndamutukwana.

Anabwerera kushedi kuja n'kukapeza mabatire ang'onoang'ono otsekedwa, ochokera m'makina amene amasunga magetsi a makompyuta m'maofesi. Ambiri anali akufa. Ankawayeza limodzilimodzi ndi mita yake, kuwatchaja, kuwasiya, kuwayezanso, mpaka anasankha ochepa amoyo. Pakati pa panelo ndi mabatire anaika kontrola, kachipangizo koletsa dzuwa kudzaza batire mopitirira. Kenako inveta, yosintha magetsi a batire kuti afanane ndi a m'nyumba. Anaboola timabowo m'mbali kuti muzidutsa mphepo. Za mafyuzi ndiye musanene. Ndikuganiza kuti akanatha akanaika ina pachogwirira.

Atamaliza analumikiza kamakina ka Dona, ndipo kanalira bwinobwino. Ine ndinaomba m'manja. Mayi a Dona anangoti, "Pakhonde chilichonse chimayaka."

Apa ndi pamene Shoti anachita chinthu chimene sindinaonepo mmisiri wina akuchita. Analowa m'nyumba, n'kuzimitsa swichi yaikulu ya magetsi kuti pakhomo pazidalira bokosi lokha, n'kukankhira bokosi lija pamapazi a mkazi wake.

"Mayi a Dona, nali. Musalimvere chisoni. Lichiteni zonse zimene ana asukulu angalichite. Mukalipha, mwana sapita, ndipo sindidzatchulanso."

Abale, mayiwa ntchitoyi anaigwira ndi mtima wonse, ngati anali kuidikira kalekale. Analikoka pamiyala. Analigwetsa pasitepe. Anaitana ana a mumsewu kuti adzatchaje mafoni a makolo awo onse nthawi imodzi. Panelo anaiika pansi pa mtengo, akuti ana sadziwa za mthunzi. Tsiku lililonse bokosi linkaonetsa chofooka chake, ndipo tsiku lililonse Shoti ankalitsegula osadandaula.

Za mthunzi zija zinamuphunzitsa kutalikitsa chingwe, kuti panelo izikhala padzuwa bokosi lili mutenti. Za mafoni zinamuopsa kwambiri, chifukwa pofika madzulo mabatire anali atauma. Anaganiza za anthu ambirimbiri kuphiri, aliyense ndi foni yake. Ndiye anapatula soketi imodzi, n'kuipaka utoto wofiira, ya makina a Dona okha. Masoketi enawo anawakonza kuti azizima okha mphamvu ikatsika kufika pakati.

Lamlungu lina mayi a Dona analumikizako simbi yositira. Kunangomveka kuti thu, bokosi lonse zii. Fyuzi inali itapsa, ndipo ya saizi imeneyo inali yomaliza. Masitolo anali otseka.

Ndinalipo, ndinaona ndi maso angawa. Shoti anagwada, n'kutsegula bokosi, ndipo dzanja lake linapita lokha pa kachidutswa ka waya kamene kanali pansi. Chizolowezi n'choopsa. Anakatola, n'kukayang'ana nthawi yaitali, thukuta lili kamukamu. Kenako anakaponya m'bini, n'kutseka bokosi, n'kukayatsa swichi yaikulu ija.

"Lero lagona. Tidikira mawa," anatero.

Mayi a Dona anali ataima pakhomo, simbi ili m'manja. Mawa lake, Shoti akubwera ndi mafyuzi atsopano, ena oti amate mkati mwa chivindikiro, anapeza mayiwo akuchapa juzi la Dona ndi kufunsa aneba ngati ali ndi chikwama chachikulu.

Aphunzitsi analiyesa bokosilo kusukulu, anaphunzira kusintha fyuzi, ndipo anavomera. Dona anakwera basi akukoka bokosi lake ngati munthu wopita kunja.

Ndiye kumwamba kunachita zake. Tsiku lotsatira kunadza mitambo, ndipo inakhazikika. Kuphiriko netiweki kunalibe. Shoti ankangotuluka panja, kuyang'ana kumwamba, kulowa, kutulukanso. Chakudya sichinkatsika. Mayi a Dona, amene ndinkayembekeza kuti amudya wamoyo, ndiwo ankamuuza kuti, "Khalani pansi bambo inu. Bokosi limene lija linapirira ine, mitambo ingalitani?"

Tsiku lobwerera tinapita tonse kusukulu masana. Ana anatsika, matope mpaka m'maondo. Dona sankaoneka. Mtima wanga unali m'mwamba, nanga wa bambo ake? Kenako aphunzitsi anatsika n'kulunjika kwa Shoti.

"Bambo, chifuwa chinamubana m'mawa wina, kuli chifunga chozizira. Mankhwala opopera sanathandize. Masoketi a mafoni anali atazima kuyambira dzulo lake, ndipo kunena zoona tinakunenani kwambiri. Koma yofiira ija inayaka. Anapuma, anakhala tsonga, kenako anayamba kufunsa ngati anzake amusiyira tiyi."

Asanamalize, Dona anatulukira pakhomo la basi, akulimbana ndi bokosi lake, wakana kuti wina amuthandize. Mawu anali atasasa.

"Adadi! Ndinakafika pamwamba penipeni! Tinakuwa mpaka mawu anatha. Adadi, mukulira chiyani?"

Shoti anali atakhala pansi m'mphepete mwa msewu, misozi ili mbwembwembwe, anthu akuona. Mkazi wake anakhala pambali pake, n'kumugwira phewa, n'kunena motsitsa kuti, "Zikomo, bambo a Dona." Ineyo ndinayamba kuyang'ana matayala a basi ngati ndimawadziwa.

Sukulu ija inapempha bokosi lakelake. Kholo lina lokonda kukwera mapiri linafuna lina, n'kuuza anzake. Kenako kunabwera oweta njuchi, oyeza malo, ojambula zithunzi za mbalame, anthu onse ogona kutchire. Lero Shoti ali ndi shopu yake pafupi ndi malo a zitsulo aja, ndipo amaphunzitsa ena ntchito. Koma palibe bokosi limene limatuluka lisanapite kunyumba kukakumana ndi mayi a Dona. Makasitomala amafunsa okha kuti, "Kodi amayi analimenya kale?"

Mukamuyamikira, iye amayamba kutchula anthu. Amathokoza abwana amene anamutsegulira shedi pamene ena ankatseka zitseko. Amathokoza aphunzitsi amene anamufunsa funso lovuta m'malo mongomukana. Amathokoza Mulungu kuti m'basi muja simunafere munthu. Koposa onse amathokoza mkazi wake, chifukwa akanamunyengerera, bokosi lija likanakafera kuphiri. Inenso ndimathokoza kuti malangizo anga aja sanawamvere.

Ndiye inu amene munagwa anthu akuona, musadzikwirire muli moyo. Cholakwacho chivomereni, chitchuleni dzina, ndipo bwererani pantchito. Amene akukukayikirani musamuthawe; mupatseni ntchito yanuyo aiyese mpaka atope. Musataye mtima, abale anga. Manja amene mukuchita nawo manyaziwo, pali mwana wina amene akuwadikira kuti apume.