Nthambi za a Justus

A Justus a ku Mbedza anakalambira pa sowo. Unyamata wawo wonse unathera kuphiri la Zomba, kucheka matabwa a paini m'nkhalango za ku Mulunguzi, mpaka msana unawauza kuti basi. Ana awo anapita ku Joni, ndipo foni imalira pa Khirisimasi pokha. Amene ankawasunga ndi akazi awo, a Benedicta, mayi wolongolola koma wosadziwa kusunga mangawa.

A Benedicta ankagulitsa nthochi ndi mbatata yootcha kumunsi kwa phiri, pamene malole onyamula mitengo amaima kuti mabuleki azizire, madalaivala amweko tiyi. Pamalopo palibe chikwangwani kapena mizere yowolokera anthu. Malole amangondandana m'mbali mwa msewu, ndipo wowoloka amatulukira pakati pawo osaona chimene chikubwera. Tsiku lina m'mawa a Benedicta anatulukira chomwecho, beseni lili pamutu, akuthamangira kasitomala tsidya lina. Lole yotsika kuphiri sinawapatse mpata ngakhale wofuula.

Pa tsiku la maliro anyamata anaika nthambi pamsewu womwewo, monga timachitira kuti odutsa adziwe kuti pali zovuta. Apo ndi pomwe a Justus anaona chinthu chimene chinawawawa kuposa bokosi lenilenilo. Malole onse ankayenda pang'onopang'ono, madalaivala atavula zipewa, akabaza akutsika panjinga zawo. Anthu omwewo amene sankawaona a Benedicta ali moyo, lero ankawapatsa ulemu.

Maliro anatha, abale anabalalika, m'nyumba munangoti zii. M'mawa wina a Justus anatenga chikwanje, anadula nthambi za bulugama n'kukaziyala pamsewu paja. Malole anachepetsa liwiro, amayi a mabeseni anawoloka osathamanga. Kwa nthawi yoyamba chiikireni maliro, mkuluyo anamwa tiyi mpaka kumaliza kapu. Mawa lake anachitanso chimodzimodzi, mkuja wakenso.

Poyamba anthu anangoti ndi chisoni, chiwathera. Koma miyezi itapita anayamba kunyansidwa. Ndani angakonde kudzuka tsiku ndi tsiku n'kupeza chizindikiro cha maliro pafupi ndi khomo lake? Mkulu wa mpingo anawapeza n'kuwauza mwaulemu kuti, "Achimwene, anthu akuti mukutiitanira imfa."

"Imfa yake iti yofuna kuitana? Imatsika yokha kuphiri, itasenza mitengo," anayankha a Justus. "Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe."

Kuyambira pamenepo moni unayamba kuwasowa. Akafika pa bawo, masewero ankatha mwadzidzidzi. Iwo sanasiye, poti nthambizo ndizo zinkawadzutsa m'mawa.

Koma madalaivala si ana. Anauzana okhaokha kuti maliro a kumunsi kwa phiri ndi a mdala wina wosokonezeka mutu, ndipo anayamba kuponda nthambizo osachotsa phazi pamoto.

Ndiye kunagwa maliro enieni. Amuna a a Lois, oyandikana nyumba ndi a Justus, anamwalira atadwala nthawi yaitali. Anyamata anayala nthambi. Anthu akuwoloka msewu ndi bokosi kupita kumanda, lole inatulukira pakona ili pa liwiro, hutala ikulira. Amayi anabalalika, nyimbo inadukira pakati, wonyamula wina anagwera m'ngalande, bokosi linagunda pansi ndi ngodya. Palibe anavulala, koma maso onse anatembenukira kwa a Justus.

Atabwerako kumanda, a Lois anaima pakhomo pa a Justus, maso ali otupa.

"Bambo, ine sindinabwere kudzakutukwanani. Koma amuna anga awaimbira hutala ngati mbuzi. Ulemu wawo munkaudya ndinu, pang'onopang'ono, mpaka unatha."

Mayiyo ankanena zoona, ndipo a Justus anadziwa. Chikwanje anachiponya kunsi kwa bedi tsiku lomwelo.

Mpaka pano amapitabe pamalopo m'mawa uliwonse, chimanjamanja. Amakhala pamwala m'mbali mwa msewu, ndipo akaona munthu akulowa pakati pa malole amafuula kuti, "Imani kaye! Suzumirani!" Mawu awo ndi a munthu wokalamba, injini zimawameza. Ena amamva, ambiri samva. Lole ikatsika mwaliwiro, iwo amatsinzina mpaka itadutsa.

Tsiku lina dalaivala wina wa nthabwala, Shamsu, anatsika n'kuwapeza pamwalapo, kapu ya tiyi ili m'manja.

"Madala, nthambi zija zili kuti masiku ano? Maliro aja anatha?"



"Pamsewu anatha, mwanawe," anatero a Justus. "Kunyumba ndiye ayi."