Singano Anajambula Chimbale Akusoka

Singano ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndi telala, ndipo sanakwatiwe. Ndi mwana wa mchemwali wanga. Dzinalo anadzipatsa yekha atayamba kuimba rapu, nyimbo zija munthu amangolankhula mothamanga ngati akukalipira mnzake.

Ankasoka pakhonde la sitolo ya zitsulo. Nyimbo zake zonse anazipeka pomwepo, phazi likuponda makina, pakamwa pakutsatira. Makasitomala anazolowera. Mayi wina anabwera kudzatenga siketi, n'kubwerera ndi vesi yonyoza mwamuna wake.

Chaka chatha bambo wina wojambula nyimbo anamupatsa tsiku limodzi mu situdiyo yake kuti ajambule chimbale choyamba. Tsikulo likanangodutsa, mpata wina kunalibe, chifukwa makwaya anali atagwira kale masiku onse mpaka kutha kwa chaka. Ndinamuperekeza ndine. Mayi ake anati kumalo otere mwana sapita yekha.

Situdiyoyo ndi kachipinda kapamwamba, makoma ake omata matiresi. Wojambulayo anamuveka mahedifoni, kumuimika pa maikolofoni, n'kuyatsa biti, zoimbira zopanda mawu zoti aziitsatira. Singano anatsegula pakamwa koma sipanatuluke kanthu. Kachiwiri anayamba mochedwa. Kachitatu anamaliza vesi biti isanafike pakati.

"Asisi, mwaiwala mawu?" anafunsa wojambulayo.

"Mawu alipo, achimwene. Mwendowu ndi umene sukudziwa chochita."

Anamukhazika pampando kuti aziponda pansi. Zinakanika. Anamupatsa mtsamiro woti aziponda. Zinakanikabe. Dzuwa linali litafika pamutu, nyimbo n'imodzi yomwe isanalowe.

"Amalume, kanditengereni makina anga."

"Muno simulowa phokoso," anatero wojambulayo. "Ngakhale ntchentche ndimaitulutsa."

"Ndiye jambulani matiresi anuwa," ndinamuuza.

Makinawo ndinawabweretsa pa wilibala. Amuna anayi anawakweza pa masitepe akutukwana. Singano anaponda kawiri n'kusiya.

"Opanda nsalu salira bwino."

Tinatsitsa katani ya pazenera. Apo zinayenda. Mawu ankatuluka ngati mpopi wophulika, iye atatsinzina, manja akukankha nsalu. Kataniyo inatha pa nyimbo yachinayi. Nsalu ya patebulo inatifikitsa pa yachisanu ndi chiwiri. Jekete la wojambulayo linatenga ziwiri. Inatsala imodzi, yomwe mwini situdiyoyo ankati ndiyo idzamveke pa wailesi.

Singano anayang'ana buluku la wojambulayo.

"Asisi, ndine bambo wa ana atatu."

"Anawo sali muno. Mukuifuna nyimboyi kapena ayi?"

Bamboyo anakavulira kuseri kwa chitseko, n'kubwera atadzikulunga katani. Nyimboyo inalowa kamodzi kokha, osabwereza. Bulukulo linatuluka miyendo yonse iwiri itasokedwa pamodzi, mzere wowongoka bwino. Ntchito yake sanyozetsa.

Chimbalecho chinatuluka ndi nyimbo khumi. Makina amamveka m'zonse. Anthu amafunsa wojambulayo kuti chida chimenecho anachigula kuti, iye amangoti n'chakunja.

Amuna anayi aja anakana kutsitsa makinawo. Mpaka lero ali pakona ya situdiyo, ndipo Singano amasokera komweko. Kwaya ikamajambula amaima kaye. Wofuna kuyezetsa diresi amakwera masitepe.