Pepala la Fainess

Fainess Jere anakulira ku Madzimoyo, akulima mtedza ndi mayi ake. Atamaliza maphunziro a makompyuta analembedwa ntchito pa bungwe lathu logawa mbewu kwa alimi, muno mu Chipata. Ine ndine dalaivala wa bungweli, ndipo mmene ntchitoyo inamuthera zimandipsetsa mtima mpaka lero.

Anapeza chipwirikiti. Pulogalamu yosunga mayina a alimi aliyense ankaisintha mmene wafunira, ikasokonekera onse n'kuloza kompyuta ngati ili ndi manja. Fainess analimbana ndi mabwana miyezi isanu kuti avomere lamulo limodzi lokha: wosintha pulogalamu aziyamba waiyesa, mnzake aione, onse awiri asayine pepala. Zinthu zinayamba kuyenda.

Koma panali a Boaz Tembo, mkulu wa ofesi yathu, amenenso anamupezera Fainess ntchito. Iwo ntchito yawo kuonedwa ndi mwana? Mvula itayandikira anasintha pulogalamu kuti izichotsa mayina obwerezabwereza, n'kumuponyera Fainess pepala patebulo tonse tikuona.

"Sayina apa, mwana wanga. Lole ikudikira."

"Bambo, ndimati ndione kaye."

"Uone chiyani? Ndinakuimira paubatizo ine. Lero wayamba kundikayikira?"

Fainess anaweramitsa mutu, n'kusayina. Ife tonse duu, amantha okhaokha, ineyo woyamba.

Wobadwira kuno aliyense akudziwa kuti mudzi umodzi ku Chipangali ungakhale ndi a Mwayi Phiri anayi. Pulogalamu inasiya mmodzi, ena atatu n'kufufuta. Nditafika ndi mbewu ndinapeza mabanja mazana awiri mulibe m'ndandanda. Mayi wina anandigwira malaya: "Ndiye ndinafa ine, eti? Mukuyankhula ndi mzukwa?" Pomwe mayina ankakonzedwa, mvula yodzalira inali itapita.

Kumsonkhano a Boaz anayankhula mofatsa, manja ali pachifuwa. Munthu amalakwa, anatero, n'chifukwa chake pali wachiwiri woona. Mabwana analiyamikira lamulolo kuti lawaonetsa wolakwa, Fainess n'kumupatsa kalata yomuchotsa ntchito. Manyazi analibe ngakhale mmodzi!

Ndinamunyamulira katundu mpaka pa siteshoni, njira yonse ndikutukwana.

"Anakukakamiza, mlongo wanga. Ndipita ndikanene."

"Mukanene lero, achimwene?" anandifunsa osandiyang'ana. "Tsiku lija mukanangotsokomola, cholembera chija ndikanachiika pansi."