Mwendo wa a Merv Unamva Chiswe

A Merv Tuckwell, aneba anga, anadulidwa mwendo pamwamba pa bondo thirakitala itawagwera m'munda wa nzimbe. Kwa zaka makumi awiri ankayendera mwendo wochita kuvala, ntchafu yotsalayo ikulowamo ngati m'chikho. Ankayenda mopendekera, maso ali pansi, ndipo kukatentha ntchafuyo inkachita zilonda mpaka ankangokhala pakhonde osauvala.

Chaka chatha anapita ku Sydney komwe madokotala anawalowetsa chitsulo m'fupa la ntchafu, nsonga yake n'kutulukira kunja. Tsopano mwendo amangoulumikiza pamenepo. Ataphunzira kuuyendera kwa miyezi ingapo, anayamba kuponda mowongoka. Ankati amadziwa ngati aponda miyala kapena udzu osayang'ana n'komwe. Sindinawatsutse, koma chitsulo n'kumva?

Tsiku lina anandibweretsera mango. Nyumba yanga ndi yamatabwa, yoima pamizati, ndipo anaimanga ndi malemu amuna anga, a Clive. A Merv atafika pakati pa khonde anaima, kubwerera, n'kupondanso.

"Aneba, muli ndi alendo olowa osaodira," anatero. "Chiswe. Thabwa ili lili ndi mphako, ndalimva m'fupa."

"Ndi mwendo wachitsulowo?"

"Womwewu. Winawu ndi mbuli, umangodziwa kutupa."

Mkamwini wawo, Darren, amagula nyumba zakale zamatabwa motchipa, kuzicheka pakati n'kuzinyamula palole. Yangayi anali ataifunsapo kawiri. Ndipo kuno nyumba ikangomveka kuti ili ndi chiswe, mwini wake amakakamizika kuigulitsa motaya. Ndinati mumtima, atumana awa.

Ine pakamwa m'polemera, choncho ndinangothokoza mango. Atapita ndinawerenga matabwa: anaima pa lachisanu ndi chinayi kuchokera pachitseko. Mawa lake ndinayala kapeti yakale khonde lonse, kusuntha mipando ndi miphika yamaluwa, n'kuwaitanira tiyi. Ndinati ngati anangopeka, aloza pena.

Anakwera masitepe akucheza za mvula. Mwadzidzidzi anaima n'kuseka.

"Mwalifunditsa, eti? Mukundiyesa, mayi Hanrahan?"

Ndinapinda kapeti n'kuwerenga. Lachisanu ndi chinayi. Ndinatenga sikuludiraiva ya a Clive n'kubaya, ndipo inalowa ngati mubuledi.

A Merv anayenda nyumba yonse pang'onopang'ono, chipinda ndi chipinda, ine ndili pambuyo, mtima uli m'mwamba. Anapeza matabwa anayi okha, onse apakhonde.

"Kwinaku n'kolimba. Clive ankaidziwa ntchito," anatero. "Itanani opopera mankhwala, adzaonenso mizati kunsiku. Ndipo Darren akabwera ndi nkhani yoti nyumba yaola, musamutsegulire geti. Ndimamudziwa, amadya kwanga."

Opopera anabwera, matabwa tinasintha, nyumba ikadali yanga.

Darren anafikadi Lachisanu, akuti wamva za chiswe. Amene anamuuza sindikumudziwa mpaka lero, ndipo a Merv sindinawafunse. Geti sindinatsegule.