Msodzi Amene Anatiumbira Njerwa

Ndili mwana ku Mtakataka, tinkaphunzira pansi pa mlambe, ndipo mvula ikangoyamba aphunzitsi ankatibalalitsa. Chaka china makolo anagwirizana zoumba njerwa kuti atimangire makalasi. Amayi ankatunga madzi, abambo ankaponda dothi.

Pagulupo panali bambo ena achisilamu, asodzi, amene analibe mwana ngakhale mmodzi. Akavuuka panyanja m'mawa, ankafika ndi chikombole chawo, maso ali psuu chifukwa cha tulo. Tsiku lina bambo anga anawafunsa kuti, "Achimwene, mukudzivutitsiranji chonsecho mulibe mwana pasukulu pano?"

Iwo anapukuta thukuta n'kuseka. "Nanga ndikadzadwala, adzandibaya jakisoni ndani? Si ana anu omwewa?"

Lero sukuluyo inakula, ndipo pamsika pali magetsi, masitolo ndi njinga zamoto za kabaza zopita ku Mua. Bambo aja anamwalira atakalamba ndithu. Tsiku la maliro awo ife amene tinaphunzira pasukulupo tinachokera kutali, ena aphunzitsi, ena anamwino, ena alimi ampunga. Amuna tonse, Akhristu ndi Asilamu, tinalandizana jeneza lonyamulira thupi lawo mpaka kumanda.