Foni ya ku Joni yakana simukhadi ya kwathu

Lachiwiri lapitali anganga anasamba m'mawa ngati tsiku la tchalitchi. Anamanga duku latsopano n'kukhala pakhonde, kudikira kuti aone nkhope ya mwana wawo.

Mwanayo ndi amalume anga, a Dankeni, mlongo wawo wa malemu mayi anga. Mwa ana onse amene anganga anabereka, atsala ndi amenewa basi, ndipo ali ku Joni kuyambira ine ndili ku pulayimale. Anganga ndi amene anandilera kuno ku Milepa. Diso lawo lamanzere linafa kale, lamanja nalo layamba chifunga, ndipo kuchipatala anatiuza kuti si ng'ala yoti angachotse. Amalume atamva zimenezi anatumiza foni yaikulu kudzera kwa onyamula katundu, kuti azilankhulana akuonana. Yanga ndi ya mabatani, imangopereka mawu.

Ndinaikamo simukhadi. Foni inayaka bwinobwino, kenako inalemba Chingerezi, ikufuna nambala yotsegulira. Ndinayesa simukhadi ya kampani ina. Chimodzimodzi.

"Watulukira?" anafunsa anganga, akukonza duku.

Ndinati netiweki yavuta.

Mawa lake ndinakwera kabaza mpaka pa Boma, kwa Che Jafali amene amakonza mafoni pafupi ndi msika. Anaitembenuza, n'kuseka pang'ono.

"Achimwene, iyitu ndi yapabanja. Mwamuna wake ali ku Joni."

Anandifotokozera kuti makampani ena akunja amagulitsa foni motchipa koma ataitseka, kuti izimvera simukhadi yawo yokha. Anati akhoza kuyesa kuifulasha pa kompyuta kuti itseguke, koma zamtundu umenewu zambiri zimafera m'manja. Njira yabwino ndi yoti amene anaigula apite ku ofesi ya kampaniyo ndi lisiti komanso chiphaso chake, akapemphe nambala yotsegulira. Kenako anakoka katoni pansi pa tebulo. Munali mafoni okongola, ena mapepala apagalasi asanamatulidwe. Eni ake anatopa nawo n'kuwasiya.

Ndinaimbira amalume. Ndinawafotokozera zimene ananena Che Jafali. Kenako anati foniyo anawagulira mnzawo wa kuntchito amene ali ndi mapepala, ndipo mnzawoyo anasamukira kwina, nambala yake sikupezekanso.

"Iwe, ukufuna ndikalowe mu ofesi ndilibe pepala? Ndikadzipereke ndekha?"

Ndiye taonani, abale anga. Foni ndi ya kumeneko, dziko lija likuidziwa, koma ili kuno. Amalume ndi a kuno, dziko lija silikuwadziwa, koma ali kumeneko. Palibe amene angayende.

Kodi ndi nyumba zingati m'Chiradzulu muno zimene zili ndi foni yoteroyo m'sutikesi? Ife timaganiza kuti foni ndi foni, ngati khasu. Khasu la ku Mozambique limalima ku Namadzi osafunsa kalata. Wailesi ya ku Joni imagwira nkhani za kuno. Ndani anatiuza kuti malire a dziko akhoza kubisidwa m'kati mwa kachitsulo kolowa m'thumba?

Anyamata athu akamanyamuka timawalangiza za njira, za akuba, za akazi a kumeneko. Palibe amene amawauza kuti ukamagula foni yotumiza kumudzi uzifunsa ngati ili yotsegula. Wogulitsa sanena, ndipo munthu wopanda mapepala safunsa mafunso ambiri m'sitolo. Amalipira n'kutuluka msanga. Amaiyesa ndi simukhadi yake, imagwira, n'kuikulunga m'bulangete ndi mtima woyera.

Ndipo ukabwera nayo kuno, ukadandaule kwa ndani? Makampani athu akuti si yawo. Eni ake ali kutsidya kwa mayiko awiri.

Mwina mukuti, bwanji osabwereka foni ya aphunzitsi a m'mudzi muno? Ndinafunsa. Amalume anakana. Anati safuna kuti mudzi wonse uone pamene amagona. Mayi awo okha, basi. Sindinaumirire, chifukwa ndinamva mmene mawu awo anatsikira.

Akuti ayesa kutumiza ina pa Khirisimasi. Anthu akundiuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Inde. Koma wodekhayo akhale kuti maso akadali nawo. Mwezi wathawu anganga ankandizindikira ndili pamsewu. Lero amadikira ndilankhule.

Lachisanu ndinasiya kunamizira netiweki. Ndinawauza zonse, za kampani, za lisiti, za mapepala. Anamvetsera akusenda nandolo. Sanafunse kuti kutseka foni n'kutani.

"Ikadzabwera inayo, udzamuyang'ane iweyo," anatero. "Udzandiuze ngati wanenepa."

Ndinavomera. Koma amalume ndinawaona komaliza ndili kamwana, akukwera minibasi, atanditembenukira msana. Ndidzadziwa bwanji kuti anenepa?