Zala Khumi za a Cosme

Ku Itepela, m'boma la Ngauma, mukafunsa kuti a Cosme omanga nyumba ali kuti, amangokulozerani kumene khoma likukwera. Munthuyu sadziwa kukhala pansi. Ngakhale pamaliro, anzawo ali zyoli, iwo maso amakhala pamphuthu ya chitseko kuona ngati inaima mowongoka. Akazi awo, mayi Tadala, amati anakwatiwa ndi nyerere.

Anabadwira konko, koma nkhondo inawathamangitsa ali ndi zaka khumi ndi zinayi. Anakakulira ku Namwera, tsidya la Malawi, kumene anaphunzira kuumba njerwa ndi kumanga, n'kupezanso mkazi. Anabwerera mu 1993 atasenza chikombole cha njerwa, n'kupeza mudzi wonse uli thengo. Pepala lonena kuti anabadwa analibe. Ngati linaliko, linapsera limodzi ndi nyumba ya makolo awo.

Chaka chotsatira kunali chisankho choyamba, ndipo boma linatumiza anthu kudzalemba ovota. A Cosme analandira kachiphaso kokhala ndi nkhope yawo, kamene kuno amati kartau. Kuyambira pamenepo sanajombepo. Zaka zisanu zikakwana amakalembetsanso, tsiku likafika amaponya mapepala awo: la pulezidenti, la aphungu opita ku Maputo, ndipo masiku ano lachitatu la akuluakulu a chigawo ku Lichinga. Chimene aphunguwo amakachita kumeneko sachidziwa bwino, ndipo sanataye nacho tulo. Iwo chawo ndi kartau. Ndi imene amaonetsa apolisi pamsewu wa ku Mandimba, ndi imenenso anagulira nambala ya foni. Boma limafuna voti, iwo amafuna dzina, basi malonda atha.

Mu Malichi 2024 munabwera foni yochokera ku Cuamba. Anali Débora, chitsiriza chawo, amene amakhala kwa azakhali ake n'kumaphunzira kalasi yakhumi.

"Ababa, aphunzitsi akuti wopanda kalata yobadwira salemba mayeso. Akuti Epulo asanathe ikhale itafika."

Kuti mwana wamkulu chonchi alembedwe pamafunika kholo lokhala ndi chiphaso chooneka bwino. Mayi Tadala ndi a ku Malawi, kuno alibe pepala lililonse. A Cosme anatulutsa kartau yawo yakale, koma itagona zaka zisanu m'thumba la malaya, thukuta ndi simenti zinali zitadya nkhope yonse. Panangotsala makutu.

Mwayi wake, chinali chaka cha chisankho. Olemba ovota anali atafika kale ndi makina awo, atakhala m'kalasi pasukulu ya pulaimale. Sukuluyo anamanga ndi a Cosme, njerwa zake anaumba okha kudambo. Analowa ngati kwawo, n'kukhala pampando moyang'anizana ndi mtsikana wolemba, dzina lake Mwanahawa. Mtsikanayo anawajambula, anawalemba dzina, kenako anawauza kuti aike chala pakagalasi ka makinawo.

Makina anangoti phee.

"Tayesani china, bambo."

Anayesa cha mkombaphala, anayesa chachikulu, anasintha dzanja. Mwanahawa anatembenuza chikhatho chawo n'kupukusa mutu. Nsonga za zala zinali see ngati supuni, mizere yonse itaperesedwa ndi mchenga ndi simenti wa zaka makumi atatu.

"Zidindo zanu zinafufutika. Makinawa sakuona munthu."

"Sakuona munthu? Mwanangu, denga limene wakhala pansi pakeli anakhoma ndani?"

"Pepani, bambo, ine si ine wokana. Mupumitse manja milungu iwiri, muzidzola mafuta, mizere imamera. Koma tsiku lotseka lisakupitirireni."

Milungu iwiri! Kunali bwino akanawauza kuti asenze thumba la simenti mpaka ku Cuamba. Mayi Tadala anafulula mafuta a nsatsi, n'kumawapaka m'mawa ndi madzulo, kenako n'kuwaveka masokosi m'manja. Mmisiri wotchuka Ngauma yense anakhala pakhonde atakweza manja m'mwamba ngati wogwidwa ndi apolisi. Anthu odutsa ankapereka moni msangamsanga kuti akasekere patsogolo.

Tsiku loyamba anazungulira nyumba kasanu ndi kawiri. Lachiwiri anayamba kulangiza nkhuku poikira. Lachitatu anapita kumunda kukaimirira pamzere uku akazi awo akukolola chimanga, akuloza ndi chigongono pamene pasiyidwa chitsononkho, mpaka anapirikitsidwa.

"Bambo a Débora, kuona maso a nkhono n'kudekha. Pitani mukakhale pansi, mukutizunguza mutu!"

Chimene chinawapweteka koposa chinali pamsika. Wamalonda wina anali atawapatsa ntchito yomanga sitolo, koma poona kuti mmisiri wavala masokosi, anaipereka kwa Filipe. Filipeyu ndi munthu wabwino, koma chingwe chowongolera khoma amachiona ngati mdani. A Cosme ankanena kuti akupita kokaongola miyendo, miyendoyo n'kumawafikitsa pasitolo pomwepo. Ankaima chapatali, mano ali gwa, akuona ngodya ikupendekera kumsewu tsiku ndi tsiku.

Tsiku lachisanu ndi chinayi mtima unawakanika.

"Iwe Filipe, khoma ili lidzapha munthu! Tabweretsa kuno, ndingokuyambira mzere umodzi."

Anavula masokosi n'kuwaika m'thumba. Mzere umodzi unabala wachiwiri, wachiwiri unabala wachitatu. Anagumula ngodya yonse n'kuiyambanso, akuimba mluzu, thupi lonse lili myaa ngati wamwa madzi atayenda padzuwa. Anadzidzimuka dzuwa litapendeka foni ikulira m'thumba.

"Ababa, zatheka? Anzanga onse apereka kale."

Anayang'ana manja awo ali mbuu ndi simenti, nsonga za zala zikuwawa.

"Zitheka, mwanangu," anatero, ndipo aka kanali koyamba kumunamiza mwanayo.

Kunyumba mayi Tadala sanakalipe, ndipo n'zimene zinawawa. Anangotenga manjawo, kuwatsuka m'beseni, kuwapakanso mafuta.

"Sitolo ya eni yaima mowongoka," anatero pomaliza. "Mwana wanu ndiye wapendekera."

A Cosme anachita manyazi osaneneka. Masiku asanu otsalawo anakhaladi pakhonde, mwendo wokha ukugwedezeka, akumasuzumira nsonga za zala padzuwa ngati mlimi woyembekeza mbewu kumera.

Tsiku lotseka anafika pasukulu mzere utazungulira kale mtengo wa mango, poti anthu a kwathu timakonda kuthamanga chitseko chikutsekedwa. Anaima, anakhala, anaimanso. Atalowa, Mwanahawa anawazindikira.

"Mwapumitsa manja, bambo?"

"Ndayesetsa," anayankha akuyang'ana kudenga.

Anayamba ndi dzanja lamanja. Chachikulu, phee. Cha mkombaphala, phee. Zisanu zonse zinakanidwa. Anthu pakhomo anayamba kung'ung'udza kuti mdalayu achoke, ena alembetse. Kumanzere nako, chimodzi, chiwiri, chitatu, chinayi, palibe. M'maso mwa a Cosme munali Débora akulongedza mabuku kubwerera kumudzi chifukwa cha ngodya ya sitolo ya munthu wina.

"Chatsala chimodzi," anatero Mwanahawa.

"Aka? Aka n'kachabechabe, mwanangu. Ntchito yake n'kukanda m'khutu."

Kanali kachala kakang'ono ka kumanzere, kamene pogwira njerwa kamangoimirira pambali ngati kapitawo. Mwanahawa anakapukuta ndi nsalu, anakagoneka pakagalasi, n'kukanikiza ndi dzanja lake.

Makina analira, kuwala kobiriwira kunayaka.

"Mwapezeka, bambo! Cosme, wa ku Itepela."

Kartau inatuluka ili yofunda. A Cosme anaitembenuza uku ndi uku, nkhope ilipo yonse, makutu ndi mphuno zomwe. Amati chala chimodzi sichiswa nsabwe, koma tsiku limenelo kamlesi kamodzi kanasenza banja lonse.

Atatuluka anaimba foni ku Cuamba, kumuuza Débora kuti akwere galimoto yam'mawa, akakumane ku Mandimba apite limodzi kokalembetsa kalata yobadwira ija. Mwanayo anakuwa mpaka azakhali ake anamveka akufunsa kuti kwagwanji.

Kenako anazungulira kuseri kwa kalasi, kumene khoma silinapakidwe pulasitala. Njerwa youmba pamanja imasunga pamene woumba anaigwira ili yaiwisi, ndipo pakhoma lonselo panali timaenje ta zala, mzere pamwamba pa mzere mpaka kudenga. Anasankha njerwa imodzi n'kuikapo dzanja. Zala zinalowa m'malo mwake ndendende, kupatula kakang'ono kaja, kamene sikanasiye chizindikiro paliponse.

Anaima pomwepo kanthawi, dzanja lili pakhoma, munthu amene sadziwa kuima.

"Inu ndinu mwamanga dziko lino," anauza zala zinazo chapansipansi. "Koma boma likudziwa kakang'onoka."